Vundukula Uone, Tionge

Chelstone,
Lachinayi masana

Mwana wanga Tionge,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku saluni ya ku msika ukulukitsa tsitsi la pa ulendo. Ndinadutsako kale m'mawa n'kumuuza mtsikana woluka uja kuti akuluke mukule wogona, asakuike zingwe zofika m'chiuno zimene umakonda zija. Sindikufuna kudzamva kuti lamba wa injini wakoka mwana wanga ndi tsitsi. Ukabwera utakwiya, kwiyira ine, iye wangomvera.

Ntchito yanga ukuidziwa. Mu Chelstone muno, mpaka ku Kabwata ndi ku Kabulonga kwa a mipanda yaitali, ndalanga ana a eni ake osawerengeka. Loweruka likafika kuli kichini pate, phwando lolangira mkwatibwi, ng'oma zikulira, amake Tionge ali patsogolo. Koma mwambo wathu sulola kuti mayi akhale pa mphasa ndi mwana wobala yekha n'kumulanga. Amaitana ena. Ndiye ndinayamba kufunafuna. Titaweruka ku mapemphero ndinafunsa amayi a chigwirizano kuti, "Ndani angandilangire mwana amene akupita kukaphunzira umakanika?" Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Amayi Zulu anati, "Ise tiziba za mbaula na za kuchipinda, manje za injini tizamuuza chani?" Choncho zandigwera ine mwini wake. Pakamwa sindingathe. Ndingayambe bwino, pakati n'kukalipa, kumapeto n'kulira. N'chifukwa chake ndalemba. Uwerenge uli m'basi, osati pamaso panga.

Nkhani ili apa. Makoleji awiri akuitana, ina kuno ku Lusaka mbali ya ku Woodlands, ina ku Kitwe. Onse akuti digiri ya umakanika, ndipo onse atseka kulembetsa sabata yamawa. Mawa ukupita kwa azakhali ako a Esinati kuti ukaione ya ku Kitweyo ndi maso ako, kenako usankhe. Umu ndi mmene wauzira aliyense. Koma Lolemba lija ine ndinali kuseri ndikuyanika zovala, iwe uli pa sitepe ndi mnzako Mutinta, ndipo ndinakumva ndi makutu angawa: "Nizayenda chabe kukaona, nizabwela. Amai bazasala na ndani, na bipi yao?" Ndinatsala pang'ono kukugenda ndi chitenge chonyowa. Ndiye kuti wasankha kale, ndipo chimene wasankhacho si koleji, wasankha ine. Tionge, ine sindine koleji. Pa nkhani ya injini palibe chimene ndingakuphunzitse. Chimene ndingathe ndi kukuuza mmene ine ndinasankhira zinthu molakwika, kuti iwe ukasankhe ndi maso otseguka.

Ndili msinkhu wako, nditangobwera kuchokera ku Katete kudzakhala ndi akulu anga ku Kabwata, ndinkafuna kuphunzira utelala. Malo analipo awiri. Ena anali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wokalipa, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi, phokoso ngati pa chigayo. Enawo anali m'tauni, pamwamba pa sitolo, ndi chikwangwani chachikulu, ophunzira atavala yunifomu yabuluu. Atandilowetsa ndinaona makina osokera atandandalikidwa m'mizere, onse atavekedwa tinsalu toyera ta maluwa ofiira. Ndinati, Mulungu wanga, pano ndiye pasukulu! Sindinakhudze kansalu ngakhale kamodzi. Ndinachita manyazi, mwana wakumudzi, kuopa kuti angandiyese wosazindikira. Titayamba maphunziro m'pamene ndinadziwa kuti pansi pa tinsalu tija panali mitembo. Ena analibe lamba, ena analibe bobini, ena unali mutu wokha wadzimbiri. Oyenda anali amodzi, ndipo tinkawalimbirana ngati mpopi wa m'komboni. Aphunzitsi ankajambula kolala pa bolodi, ife n'kumakopera m'buku. Ndinamaliza ndi satifiketi yokongola, ya m'mbali mwagolide. Nditapita nayo ku fakitale ya mayunifomu kukafuna ntchito, kapitawo anaiika pambali osaiwerenga, n'kundipatsa shati: "Tiikileni kolala." Mayo ine! Thukuta linatuluka ndi m'zikope momwe. Kolala ndinkaidziwa ya pa pepala chabe. Ndinakathera kwa mayi wokalipa uja, kukayambiranso pachiyambi.

Ndiye ukafika ku Kitwe, vundukula. Pa kichini pate mkwatibwi timam'funditsa chitenge, koma wamvapo banja lomulandira ali chifundire? Amayamba avundukula, aone ngati ndi yemweyo. Nawenso chilichonse chimene ukachipeze chitafundidwa tenti m'wekishopu, kweza uone. Injini ikakhala yoyera mbee ngati mbale za alendo, funsa kuti inalira liti komaliza. Funsa kuti injini imodzi amaizungulira ophunzira angati, chifukwa akakhala gulu lonse, iwe ndi kufupika kwakoko uzidzangoona misana ya anzako. Tsegula mabokosi a masipanala, uone ngati muli zida kapena muli mphepo. Manyazi uwasiye kuno, ndikusungira. Akakuyang'ana moipa, angokuyang'ana, maso sapweteka. Vundukula, Tionge.

Cholakwa china tinachita awiri ndi malemu atate ako. Titangokwatirana tinapeza nyumba ya lenti ku Kabwata komweko. Tinakaiona mu Ogasiti, Lamlungu masana, mwini wake atasesa pabwalo n'kutiikira mipando pamthunzi. Tinam'funsa ngati nyumbayo ili ndi vuto, iye anati palibe. Nanga akanati chiyani? Mvula yoyamba itagwa tinazindikira kuti madzi onse a mu msewu njira yawo inali pakhomo pathu. Ndinapeza mbaula ikuyandama m'khitchini, ndipo nsapato za atate ako za ku tchalitchi zinakapezeka kwa aneba. Anebawo ankadziwa onse. Mayi wina pondibwezera nsapato anati, "Mukanatifunsa." Zoona, sitinawafunse. Tinafunsa munthu mmodzi yekhayo amene ankafuna kuti tilowe.

A mu ofesi uwamvere ndithu, ndi ntchito yawo, koma usathere pomwepo. Dikira nthawi ya chakudya cha masana, upite pa kantemba pamene ophunzira amagula vitumbuwa, ufunefune a chaka chomaliza. Amenewo atopa, sanama. Afunse kuti malaiti akapita amatani, ntchito imapitirira kapena amauzidwa kuti akawerenge ku nyumba. Afunse kuti nthawi yokaphunzira pa ntchito ikakwana, koleji imawapezera malo kapena imawasiya azizungulira okha m'mageti a makampani ndi envulopu m'manja. Afunse kuti amene anamaliza chaka chatha ali kuti. Akamakuyankha, iwe uziyang'ana manja awo. Wophunzira umakanika wa chaka chomaliza akakhala ndi manja osalala ngati a wa ku banki, usafunsenso zambiri.

Amalume ako a Yohane anabweranso Lamlungu ndi maganizo awo. Paja poyamba ankati mwana wamkazi wa umakanika adzakwatiwa ndi ndani. Ndinawayankha kuti za maukwati katswiri ndine, iwo azisamala za ku ofesi kwawo. Tsopano asintha nyimbo, akuti bola ya ku Woodlands, ukamaliza udzakhale mu ofesi ya galaji yaikulu, pa mpando wozungulira. Sindigwirizana nawo zonse, koma pa mapepala amatiposa tonse, ndiye pamenepo uwamvere. Akuti ufunse ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa ku boma, ndiponso ngati digiri ya umakanikayo ndi yovomerezeka. Uone pepala lake ndi maso, usalole kungouzidwa kuti zili m'njira. Akuti ufunsenso ngati amaphunzitsa ndi makompyuta opimira injini, chifukwa makina a masiku ano sakonzedwa ndi khutu lokha. Ndi mfundo zabwino, ine sindikanaziganiza. Uwaimbire foni usanalembetse. Ndi amalume ako, malo awo uwapatse. Koma kuwadziwitsa si kuwapempha kuti akusankhire, wamva?

Tsopano nkhani ya tochi. Iyi ndiyo imandipweteka mpaka lero. Atate ako ankayendetsa minibasi ya Chelstone ndi m'tauni, ndipo atagula yawoyawo, yakale ija, ankaikonza okha Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Iwo ankalowa pansi, ine n'kugwada pambali ndi tochi. "Unikira apa. Osati apo, apa! Amake Tionge, ukuunikira kuti?" Zaka zonsezo ndinali pomwepo, mphuno ili pa injini, mawondo ali m'fumbi. Ndinkati ndikuthandiza, ndipo ndinkathandizadi. Koma sindinafunsepo kuti chimene akumasulacho n'chiyani, iwonso sanaganizepo zondipatsa sipanala. Sanali munthu woipa ayi, zinkangokhala choncho, wina sipanala, wina tochi. Atamwalira, basi ija sinachedwe, nayo inakana kulira. Ndinaitana makanika wa pansi pa mtengo, anati ndi pampu. Ndinaitana wina, anati injini yonse yatha. Ine ndili chilili ndi tochi yanga, osadziwa kuti wonama ndani. Inathera pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mipando, mpaka tinaipereka kwa ogula zitsulo zakutha. Iwe unali kamwana, sungakumbukire bwino. Mpaka lero sindidziwa chimene chinaipha.

Ku koleji adzakuikani m'magulu, anyamata ambiri, atsikana ochepa. Palibe adzakutukwane. Adzakamba mokoma: "Tionge, iwe ulemba bwino, uzitilembela lipoti." "Tionge, gwilako tochi, ichi n'cholema." Ukavomera sabata yoyamba, wavomera mpaka tsiku la gauni. Tochi ugwire pa nthawi yako monga aliyense, ikatha unene kuti manje ni ine, ulowe pansi. Ndiye usanasankhe, peza atsikana amene ali kale pa kolejipo, uwatengere pambali, uwafunse kuti pansi pa makina amalowa ndani. Ona maovololo awo ngati ada m'mawondo ndi kumsana. Onanso ngati pafupi ndi wekishopu pali chimbudzi cha akazi, kapena uzidzayenda mpaka ku maofesi kukapempha kiyi. Useka, koma kanthu kakang'ono kameneko kadzakuuza ngati malowo ankayembekezera kuti kudzabwera munthu ngati iwe. Usakagwire tochi zaka zinayi, mwana wanga. Ine ndinagwirira kale banja lonse.

Ndikuuze tsopano chimene sukudziwa. Lachiwiri pamene ndinati ndikupita ku kiliniki, sindinapite ku kiliniki. Ndinavala chitenge changa chabwino, ndinakwera basi mpaka m'tauni, n'kukwera ina ya ku Woodlands, n'kukatsikira pa koleji yako ya pafupiyo. Ndinapita monga ndimapitira kukaona kwawo kwa mkamwini, osauza munthu. Mtsikana wa pa ofesi anandipatsa kapepala ka zithunzi zokongola. Ndinati, "Zikomo mwana wanga, koma nifuna kuona kwamene bagwilila nchito." Iye anati, "Ba mayo, kuja kuli mafuta maningi, muzadetsa chitenge." Ndinamuuza kuti chitenge n'changa, sopo ndi wanganso.

Anandiperekeza kuseri. Mphunzitsi wa kumeneko, a Mwansa, bambo wamfupi wadazi, anandiyang'ana ngati ndasochera njira ya ku maliro. Ine ndinalunjika pakona pamene panali chinthu chofundidwa tenti, n'kuvundukula ndekha. Ndinkayembekezera mitembo ngati ya ku sukulu yanga ija. Ayi ndithu. Inali injini yeniyeni, yothimbirira ndi mafuta, yomasulidwa theka, ndipo a Mwansa anati anaiphimba chifukwa cha fumbi, ophunzira aimanganso sabata yomweyi. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, koma jenereta inali kulira, ntchito ili mkati. Ndinayang'ana manja a ana aja, zikhadabo zili bii. Pepala la boma limene amalume ako amanena ndinaliona pakhoma. Chimbudzi cha akazi ndinalowamo ndekha, madzi akutuluka.

Kenako ndinaona miyendo iwiri itatulukira pansi pa kamotoka kofiira, wophunzira wina, chimnyamata chachitali, atagwada pambali ndi tochi. Wa pansiyo anakuwa, "Iwe Chanda, unika bwino, siniona!" Anali mawu a mtsikana. Tionge, ndinakhala pa tayala lakutha, ndi chitenge changa chabwino chomwecho, ndipo ndinaseka mpaka misozi. A Mwansa anatuma munthu kukanditengera madzi, ankayesa ndadwala.

Nditapuma ndinawafunsa, "Ba Mwansa, nanga vimakina vikulu vija vokumba miseu na va ku migodi, muphunzisa?" Sanandibisire. Anati, "Awe ba mayo, ise kuno ni tumotoka, mabasi, na maloli pang'ono. Ngati mwana wanu afuna vija vikulu, ayende ku Kopala, ku Kitwe, kuja ndiye vili pakhomo." Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo. Akanatha kungovomera kuti apeze wophunzira.

M'basi pobwerera ndinali ndi chimwemwe cha wakuba. Ndinati basi, zatheka. Koleji ya pafupi ndi yabwino, ndaona ndi maso anga, palibe angandinene kuti ndam'tsekereza mwana. Azidzuka m'nyumba mwanga, azibwera madzulo akununkha dizilo, ine ndizimutenthetsera madzi osamba. Za ku Kopala zimene ananena a Mwansa zija ndingozimeza, adzadziwa ndani? Ndikukuuza izi kuti usaganize kuti ndikukuthamangitsa. Ndikufuna ukhale, Tionge. Ndikufuna kwambiri, mpaka pamtima pakupweteka pamene ndikulemba pano.

Koma ndine ndinakubala, ndimakudziwa. Uli ku pulayimale, nthawi imene ankakonza msewu waukulu uja, ndinakutuma tomato wa ndiwo za masana. Unabwera dzuwa litapendeka, tomato atafinyika m'manja. Unali utaima pa msewu ukuonerera anthu akukonza chimakina chachikasu chimene mkono wake unakana kukwera. Ndinakukwapula ndi patapata. Iwe ukulira, mamina ali chuu, unkandifotokozerabe mmene mafuta amakankhira mkonowo kuti unyamule dothi. Mpaka lero tikakhala m'basi, mamotoka onyezimira a ku Kabulonga amadutsa iwe osacheuka, koma tikangodutsa chimakina chokumba, khosi lako limatsalira kumbuyo. Wakonza makina anga osokera, wakonza jenereta ya ku saluni, wakonza pampu ya amake Mutinta, ndipo zonsezo ndimanyadira mpaka anthu atopa nane ku msika. Koma sindinakuonepo ukuziyang'ana mmene umayang'anira zazikulu zija. Pamene kalata ya ku Kitwe inabwera unaiwerenga utaimirira, n'kuibwereza, kenako unandiyang'ana ine n'kuipinda msanga. Ndinaona.

Ndiye tamvera bwino. Sindikukuuza kuti ya ku Kitwe ndiyo yabwino, sindinaione. Mwina ukapeza chikwangwani chachikulu ndi mitembo pansi pa matenti. Zikakhala choncho bwerera, ya kuno ndi yabwino, ndakuonera kale, ndipo palibe manyazi pa kukonza mabasi, ndi amene anakulera. Koma ukapeza makina ali moyo, ophunzira ali ndi manja akuda, mapepala ali pakhoma, atsikana akulowa pansi, lembetsa. Usati ndiyambe ndabwera ndikaganize, chifukwa ukangolowa pa geti pano n'kundiona ndikutsuka mbale ndekha, kuganiza kwako kuthera pomwepo. Kaya ukhala, kaya ubwerera, chifukwa chake chichokere m'wekishopu, chisachokere m'khitchini mwanga.

Za bipi yangayi. Inayamba iwe usanamalize pulayimale ndipo sinandigwetsepo. Mapiritsi ndimamwa ndekha, iwe umangondikumbutsa zinthu zimene ndachita kale. Mchere ndachepetsa. Chabwino, ndichepetsanso. Amake Mutinta ali kuseri kwa mpanda, ndikangotsokomola amafuula kufunsa ngati ndili bwino, nthawi zina mpaka kunyansa. Amalume ako ali ndi motoka ndipo foni yawo siizima. Komanso munthu akadwala amafuna nesi, makanika angandichite chiyani, andisinthe mapulagi? Ukatsala kuno chifukwa cha ine, m'mawa uliwonse ndikamakuona ukukwera basi ya ku Woodlands ndizidziwa kuti ndine ndakutsekera njira, ndipo zimenezo ndiye zingaikweze bipi. Kusungulumwa ndidzasungulumwa, sindikunamiza. Nyumba ino idzakhala zii. Koma kusungulumwa kumeneko n'kwanga, ndakusankha ndekha, usandilande.

Zotsalazi ndi zing'onozing'ono. Ku Kopala ndi Chibemba chokhachokha. Akati muli shani, iwe uziti bwino, zina ukatola m'njira, ndipo akaseka kalankhulidwe kako useke nawo. Azakhali ako amakalipa m'mawa, madzulo aiwala, uziwatsukira mbale asanakuuze. Nsapato za chitsulo kutsogolo uzivala ngakhale kutenthe bwanji. Ndolo zolendewera ndi mphete uzisiya m'chipinda. Usalowe pansi pa chinthu choimikidwa ndi jeke yokha, ngakhale mphunzitsi akuthamangitse, limeneli linali lamulo la atate ako ndipo sanaliphwanyepo. Za anyamata ndikanalemba buku, koma si ine woyenera kukuuza, nthawi yake ikadzafika ndidzakuitanira amayi Zulu. Pakali pano ziwiri zokha. Amene adzati manja ako ndi okhakhala, umuuze asawagwire. Amene adzafune kumakugwirira ntchito yako ya m'kalasi chifukwa akukukonda, umuthokoze, umulande sipanala. Tchalitchi upeze sabata yoyamba. Foni uziimba Lamlungu, osati tsiku lililonse kundifunsa za mapiritsi.

Chomaliza. Iwe walongedza kachikwama ka masiku ochepa, madiresi awiri ndi mswachi. Mawa pa sitesheni undiona ndikukangana ndi kondakitala kuti alowetse sutukesi yaikulu yakuda ija kunsi kwa basi, ndipo ndikuuza kuti ndi nyemba ndi nsalu za azakhali ako, usaitsegule. Bodza. Mulibe nyemba. Muli bulangeti lochindikala, chifukwa ku Kitwe mu Juni kumazizira. Muli mapoto awiri aang'ono, mthiko, ovololo yako, zovala zako za ku tchalitchi ndi mapepala ako onse a sukulu, amene unawasiya dala m'dirowa ukuyesa sindiona. Pamene ukuwerenga apa sutukesiyo ili pansi pa mapazi ako, ikupita nawe.

Ukabwera nayo ndidzakuchingamira, tidzaimasula limodzi, ndipo sindidzakufunsa china kupatula zimene unaona. Koma ine, mwana wanga, ndalongedzera munthu wopita kukakhala.

Mulungu akuyendetse bwino, akupatse maso akuthwa ndi manja olimba.

Ndine amayi ako,
Amake Tionge